Phale la Amama ndi Kamakina ka Pafoni

Kamakina kaja kakadali pamwamba pa kabati m'nyumba mwanga kuno ku Mzimba Boma, chivundikiro chake chagalasi chitachita fumbi. Kukataya ndimalephera, kukayang'ana mtima umandiwawa. Mlendo akafunsa kuti n'chiyani chimenecho, ndimangoti n'chokazingira mtedza kuti nkhani ithere pomwepo. Koma n'kokazingira khofi, ndipo ndinakagula ndekha pafoni, palibe amene anandituma.

Abambo anga anali Mchewa wa ku Dedza. Anabwera ku Luwawa ali mnyamata kudzacheka matabwa m'nkhalango ya mapaini, n'kupezako amama, Mtumbuka wa mudzi wina kuseri kwa damu. M'malo mowatengera kwawo, anamanga nyumba pamudzi pa akazi awo monga amachitira ku Dedza, ndipo alamu awo anawaseka mpaka imvi, ati mwamuna uyu ndiye walowoledwa. Iwo anangodzala mitengo ya khofi kuseri kwa nyumba n'kumaisamala ngati ana. Khofi wambiri ankagulitsa kubungwe la alimi, monga amachitira onse kumeneko, anthu olima khofi koma m'mawa n'kumwa tiyi. Abambo okha anali ataphunzira kumwa khofi kwa anzawo a kumacheka ochokera ku Chitipa, choncho chaka chilichonse ankapatulako wina n'kumuyanika pamphasa ndi makoko ake omwe.

Wokazinga anali amama. Ankayamba kukonola khofi woumayo mumtondo mopepuka, kuti makoko achoke koma njere zisasweke, kenako n'kupeta. Akatero ankaika pamoto phale lawo, chibenthu cha mphika waukulu umene unasweka ine ndisanabadwe, lakuda bii. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Wina amavundula osapumira, chifukwa ukangoyang'ana kumbali khofi wapserera. Winayo amasonkha moto, kukankhira nkhuni ukazirala, kuzikoka ukakula. Abambo ali moyo, moto unali wawo. Atamwalira unakhala wanga, popeza mwa ana onse ndine ndekha ndinatengera chizolowezi chawo chomwa khofi.

Ndiye kumathero a mwezi uliwonse ndinkakwera minibasi pa Boma, kutsika pamphambano, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto mpaka kumudzi, fumbi kapena matope malingana ndi nyengo. Masana onse a Loweruka ankathera paphale. Amama ndi munthu amene mukawakhazika pampando n'kuwafunsa za moyo, amangoti tili makora, kunena kuti tili bwino, basi. Koma manja awo akakhala pantchito pakamwa pamatseguka. Paphale paja ndi pamene ndinkamva kuti ng'ombe ya ndani yadya chimanga cha ndani, mtsikana uti wathawira kwa mwamuna, ndiponso kuti tsitsi langa logula likuoneka ngati mchira wa mbuzi. Ndi pomwenso ankakamba za abambo, maso ali pakhofi, utsi ukuwathandiza kubisa misozi. Khofi akayamba kuthetheka ankasiya nkhani pakati, n'kutchera khutu, kenako n'kukhuthulira mulichero.

Pobwerera ankandipatsa khofi wosinja kale m'kabotolo kamene kanali ka jamu. Kabotolo kameneka kankandikwiyitsa. Kankatha mwezi ukamatha, nthawi zina usanathe n'komwe anzanga a kuofesi akandichezera. Ndinawatengerapo chitini chachikulu kuti adzaze, iwo n'kuikamo nyemba. Ankati khofi wokazinga sakhalitsa, amataya fungo, ndipo ine ndinkangovomera popeza eni ntchito ndi iwo.

Apa ndiyenera kutchula achimwene anga aakulu, amene amakhala ku Lilongwe. Chimwalirireni abambo, iwo ankafuna kuwatenga amama kuti akakhale nawo kutauni. Sindinganene kuti ankalakwa. Amama ankakhala okha, miyendo inali itayamba kuwavuta, ndipo chisanu cha ku Luwawa sichiona msinkhu. Koma amama sankafuna kumva. Nyumba ija anamanga ndi amuna awo, manda ali pafupi, mitengo ya khofi ili pomwepo. Kungoti zimenezi sakanazinena kwa mwana wawo wamwamuna, amene akanayankha kuti manda sathawa. Choncho anapeza yankho limodzi lomwe ankalibwereza chaka ndi chaka: akachoka, wa ku Boma azimukazingira khofi ndani? Wa ku Boma ndinali ine. Tonse tinkaseka, achimwene n'kupukusa mutu, nkhani n'kudikira chaka china. Ine ndinkaona ngati ndi nthabwala chabe. Sindinazindikire kuti chitseko cha amama chinatsamira pa kamtengo kameneko.

Kamakina ndinakaona tsiku lina masana kuofesi, ndikungoseweretsa foni podikira nthawi yoweruka. Pakanema kankaoneka kokongola, poto wakuda wamagetsi, pakati pali kamkono kachitsulo kozungulira kokha, khofi akusintha mtundu pansi pa galasi. Mtengo wake unali wotsika mochititsa manyazi, ndipo ine chinthu chikatchipa nzeru zimandithawa. Ndinadziuza kuti ndikuchitira chifundo amama, amene utsi unkawatsokomoletsa. Zinali zoona ndithu, koma pambali pake panali ulesi wanga. Msewu uja unali utanditopetsa, ndipo ndinkafuna kumamwa khofi wanga mmene ndafunira, osati moyezeredwa ndi kabotolo ka jamu.

Kugula chinthu cha kunja pafoni n'kosavuta, kovuta n'kuchifikitsa ku Mzimba. Ndinapita kwa bambo wina Msilamu wogulitsa mafoni ndi matchaja pamsika, amene amaitanitsa katundu wake kunja ndipo amalola anthu kuphatikiza tinthu tawo pa katundu wakeyo. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, akusisita ndevu.

"Chemwali, chikomekome cha mkuyu," anatero. "Ine ndiitanitsa, koma chikafika musadzandilirire pano."

Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi kuitanitsa, zolira andisiyire ndekha. Kuyambira pamenepo ndinakhala mlendo wake wa tsiku ndi tsiku. Ndikangotulukira pakona iye ankayamba kupukusa mutu ndisanafunse. Mvula inayamba, chimanga chinafika m'mawondo, ine ndili pa ulendo wopita kukauntala kwake. Tsiku limene katundu anafika ananditumira uthenga, ndipo ndinakwera kabaza wa njinga ngati ndikukalandira mwana kuchipatala. Katoni yake inali yaing'ono moti ndinaganiza kuti asokoneza. Pakanema kankaoneka ngati beseni, koma m'manja kanali ngati mbale ya ndiwo. Pulagi yake sinkalowa pasoketi ya kwathu kuno, ndipo bamboyo anandigulitsa adaputa akumwetulira mwa munthu amene ananena kale.

Bwenzi zili bwino kakanapsa tsiku lomwelo. Ndikanataya kandalama kanga, bambo wa mafoni akanandiseka, n'kuthera pomwepo. Koma kamakina kaja kanagwira ntchito. Ndinali nditabako khofi wosakazinga kwa amama pang'ono m'thumba la shuga. Ulendo woyamba nyumba inadzaza utsi mpaka aneba anagogoda. Wachiwiri magetsi anathima pakati, khofi n'kutsala wotuwa. Koma wachitatu anatuluka bwinobwino, wofanana mbali zonse, ine nditangopinda manja. Ndinajambula kakanema, mawu anga akumveka pambuyo ndikunena monyada kuti taonani, palibenso zovutika ndi utsi. Ndinakatumiza pagulu lathu la pafoni la ana a m'banja. Achimwene anayankha ndi timitu toseka, n'kulemba kuti ndiye amama apumatu.

Kumathero a mwezi umenewo ndinanyamula kamakina kaja mpaka kumudzi, ngakhale ndinkadziwa kuti kulibe magetsi. Ndinkangofuna akaone. Ndinapeza amama atatsuka kale phale, nkhuni zili pambali. Anakalandira ndi manja awiri, kukatembenuza uku ndi uku, kukagogoda ndi chala monga amachitira pogula mphika. Kenako ndinawaonetsa kakanema kaja.

"Kasi moto amasonkha ndani?" anafunsa.

Ndinati palibe, ndi magetsi.

"Nanga wovundula?"

"Kamavundula kokha, amama."

Anaonera mpaka kumapeto, n'kundibwezera foni. "Mbwenu," anatero. "Yewo chomene."

M'chinenero chawo ndiye kuti basi, zikomo kwambiri, ndipo ine ndinamva ngati andithokoza. Ndinawauza kuti tsiku limenelo asavutike n'kukoleza moto, angondipatsa wosakazinga ndikakazinge ndekha ku Boma. Sanatsutse. Anakonola khofi yense amene anali m'dengu, anapeta, n'kundithirira m'kathumba. Phale analibwezera kuseri kwa chitseko. Kenako tinakhala pakhonde, iwo pamphasa ine pampando, tikuyang'ana nkhuku. Ndinafunsa za kumudzi, anati kuli makora. Ndinafunsa za miyendo, anati ili makora. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditaimbira kale wa njinga yamoto, ndipo ndinafika ku Boma kusanade, ndikudziyamikira kuti ndapulumutsa tsiku lathunthu.

Mwezi wotsatira sindinapite. Kunali matope, komanso khofi ndinali naye. Winawo kunali ukwati wa mnzanga wa kuofesi. Palibe tsiku limene ndinakhala pansi n'kuganiza kuti ndasiya kupita kwathu, ayi. Kungoti kale chimene chinkandidzutsa chinali kuona pansi pa kabotolo, ndipo tsopano kathumba sikankatha. Katayamba kuchepa, amama anatumiza kena kudzera kwa dalaivala wa lole ya matabwa, amene anandiimbira ali pamsika kuti ndikalandire. Ndinkawaimbira foni Lamlungu lililonse, ndisanamizire kuti ndinawataya. Koma pafoni amama ndi a tili makora aja. Tinkafunsana za mvula, za tchalitchi, kenako iwo n'kunena kuti ndidule mayunitsi angathe.

M'nyengo yozizira anagwa. Ankathyola khofi m'mawa udzu uli ndi mame, anaterereka pamtsetse n'kugwera dzanja. Anawapeza ndi mkazi wa msuweni wanga patapita nthawi ndithu, atakhala pansi pa mtengo wa khofi, akukana kuti sanagwe, akungopuma. Dzanja silinathyoke, linangobinya, koma uthenga unafika ku Lilongwe usanafike kwa ine. Loweruka lake tonse tinali kumudzi: achimwene, alamu anga, ine, ndi amalume, mlongo wawo wa amama amene watsala yekha.

Tinakhala pabwalo, amama dzanja lili m'chitenje chomangirira m'khosi. Achimwene analankhula mofatsa. Ananena za chipinda chimene anakonza kale, za chipatala chapafupi, za adzukulu amene akukula osawadziwa agogo awo. Amalume ankangovomera ndi mutu, popeza mwana wawo, msuweni wanga uja, anali akuyang'ana kale malo a kuseri kwa nyumba aja. Onse atatha, amama anayang'ana pansi n'kutulutsa yankho lawo lakale, koma ulendo uno mawu anali aang'ono.

"Nanga wa ku Boma, azimukazingira ndani?"

Achimwene sanakwiye. Anangotulutsa foni m'thumba, kufufuza pang'ono, n'kuiika pamphasa patsogolo pawo. Kamkono kachitsulo kaja kanayamba kuzungulira, ndipo pabwalo ponse panamveka mawu anga, osangalala, akunena kuti taonani, palibenso zovutika ndi utsi.

Amama sanayang'ane foniyo. Anayang'ana ine. Ndikanatha kunena kuti kanawonongeka. Ndikanatha kunena kuti khofi wake sakoma, kapena kuti magetsi a ku Boma ndi osadalirika, zomwe sizikanakhala bodza n'komwe. Chilichonse chikanawapatsa pogwira. Koma ndinali ndi manyazi kuti agwa ine ndisanawaone miyezi yonseyo, ndipo dzanja lotupa lija linkandiopsa. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti amama, pitani kaye mukapume, dzanja likachira mudzabwerera. Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti mawu akuti kaye amenewo ndi ongokometsera. Amama anati mbwenu, n'kudzuka kukayang'ana madzi pamoto.

Anachoka patatha masabata angapo. Galimoto ya achimwene inakhotera ku Boma kuti anditsanzike, ngakhale kunali kubwerera m'mbuyo. Amama sanatsike. Anatsitsa galasi n'kundipatsira chinthu cholemera chokulunga m'chitenje chakale, chimene anachifungatira pamiyendo njira yonse kuopa mabampu. Linali phale. Anati alamu anga awauza kuti kukhitchini kwawo kulibe poika zinthu zamwaye, ndiye ndilisunge, mwina lidzandithandiza magetsi akathima. Achimwene anali akuyang'ana wotchi, ndipo galimoto inanyamuka.

Kamakina kaja sikanathe chaka. Tsiku lina kamkono kanayamba kulira ngati mbewa, n'kuima, fungo la pulasitiki yopsa n'kudzaza m'nyumba. Wokonza mawailesi pamsika anakatsegula n'kundionetsa kagiya kosungunuka, ati chotere sichipezeka ngakhale ku Mzuzu. Bambo wa mafoni anandiona ndikudutsa nako m'manja, ndipo anachita ulemu, anayang'ana kumbali.

Kumudzi ndinapitako kamodzi chichokereni amama. Nyumba inali yokhoma, msuweni wanga akusungiramo feteleza. Kuseri anali atadula mitengo ya khofi n'kudzala mbatatesi, ati khofi amachedwa kubweza. Sindinakangane naye, malo ndi a kwawo, ndipo amene akanaikira kumbuyo mitengoyo ndi ine amene ndinali ndisanaithirirepo ngakhale madzi. Inatsala iwiri kapena itatu m'malire, yodzaza ndi zilambe. Ndinapita kumanda a abambo, ndinazula udzu, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Khofi wa m'kathumba komaliza ndinakhala naye nthawi yaitali osamukhudza. Loweruka lina masana ndinatulutsa phale, ndinakoleza nkhuni pamafuwa kuseri kwa nyumba, n'kuthira khofi. Ndinkaganiza kuti ndikudziwa, popeza ndinaonerera kwa zaka zambiri. Koma ndinali ndisanagwirepo chovundulira. Ntchito yanga inali moto. Ndikati ndikoke nkhuni, khofi ankada mbali imodzi. Ndikati ndivundule, moto unkakula. Ndinapana foni paphewa n'kuimbira ku Lilongwe.

Anayankha ndi mdzukulu wa amama, n'kuwapititsira. Kumbuyo kunkamveka wailesi yakanema. Ndinawauza kuti ndili paphale lawo. Anandiuza kuti ndisendeze foni pafupi amve. Ndinasendeza.

"Moto wachuluka," anatero. "Kasi akukusonkhera ndani?"

Ndinati palibe, ndili ndekha.

"Mbwenu upsereza, mwana wane."

Ndinakoka nkhuni ndi phazi. Pofuna kuti asadule msanga, ndinawafunsa za kumeneko. Anati kulibe nkhani, amadzuka, amadya, amakhala. Mtsikana wantchito salola kuti agwire ngakhale tsache. Kenako anandifunsa kuti ndathira wochuluka bwanji, ndipo ndinati wongokwana kabotolo ka jamu kaja, popeza anandiphunzitsa okha kuti khofi wokazinga sakhalitsa. Ndinawamva akuseka pang'ono, kuseka kwawo kwa m'mphuno kumene ndinali ndisanakumve chichokereni pakhonde paja.

"Amakhalitsa," anatero. "Adada ako ankadzaza chitini, n'kumwa mpaka mvula. Kabotolo kaja ndinasankha kakang'ono dala, kuti uzibwera."

Ndinangoyang'ana utsi wa paphale. Anandifunsa ngati ndikadali pafoni, ndinati ndilipo. Anati ndidule mayunitsi angathe.

Pamene ndinkaika foni pansi, khofi anali atapserera mbali ya kumoto. Ndinasankhamo amene anapulumuka, ndinasinja, ndipo sanafike ngakhale theka la kabotolo.